Mwera wa ku Chilumba ndi nzeru yoima padoko

Mawayilesi akanema akaonetsa sitima zikuluzikulu za alendo okasangalala panyanja zikupendekeka m'mafunde a namondwe wa ku Caribbean, mipando ikutsetsereka ndi mbale zikusweka, anthu ambiri amaganiza kuti sitimazo zimapulumuka chifukwa cha kukula kwake. Zoona zake n'zakuti sitima zotere sizilowa dala m'kati mwa namondwe. Namondwe amene Azungu amamutcha hurricane ndi mphepo yozungulira yomwe imabadwira pamwamba pa madzi ofunda a m'nyanja zamchere, ndipo amapatsidwa dzina limeneli liwiro la mphepoyo likafika makilomita 119 pa ola. Koma ngakhale mphepo ya m'kati mwake imathamanga chotero, namondwe yense amasuntha pang'onopang'ono, kotero kuti sitima yomwe yalandira chenjezo kuchokera ku likulu loona za anamondwe ku Miami imatha kusintha njira, kudumpha doko lina, kapena kuchedwetsa ulendo. Chomwe chimaoneka pakanema nthawi zambiri ndi mafunde a m'mphepete mwa namondweyo.

Nyanja ya Malawi siona namondwe wamtundu umenewu, pakuti anamondwe a ku Indian Ocean, monga Freddy yemwe adasakaza chigawo chakumwera mu Marichi 2023, amafika kuno mphamvu ya mphepo itachepa ndipo amapha ndi mvula ndi zigumukire. Mdani wa sitima panyanja ino ndi mwera, mphepo yochokera kumwera chakum'mawa yomwe imawomba m'miyezi yozizira, makamaka Juni, Julayi ndi Ogasiti. Kukula kwa mafunde kumadalira liwiro la mphepo, nthawi yomwe yakhala ikuwomba, ndi kutalika kwa madzi omwe yadutsapo popanda chotchinga, ndipo pa mfundo yotsirizayi Chilumba adakhala pamalo ovuta. Nyanjayi ndi yayitali makilomita oposa 550, idagona kuchokera kumwera kupita kumpoto, ndipo mapiri a mbali zonse ziwiri amaikakamiza mphepo kuyenda m'litali mwake, motero funde lomwe layamba ngati makwinya ku Mangochi limafika m'madzi a ku Rumphi ndi Karonga litakula, komwenso kuli kufupi ndi malo akuya koposa, pafupifupi mamita 700. David Livingstone, yemwe adayenda panyanjayi pa boti mu 1861, adaitcha nyanja ya anamondwe.

Pa 30 Julayi 1946, m'kati mwa nyengo ya mwera, sitima ya MV Vipya idanyamuka ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, kulowera kumpoto chakumadzulo, ku gombe lomwe masiku amenewo linkatchedwa Florence Bay, lomwe lero ndi Chitimba, kumwera pang'ono kwa Deep Bay, dzina lakale la Chilumba. Idali sitima yatsopano ya kampani ya Nyasaland Railways, ndipo uwu udali ulendo wake wachinayi chabe. Mafunde adaigubuduza, idamira, ndipo anthu 145 adafera m'madzi, kuphatikizapo kaputeni wake, Keith Farquharson. Mpaka lero ndiyo ngozi yaikulu koposa ya sitima m'mbiri ya nyanjayi, ndipo chikumbutso chake chili pa nsanja ya wotchi ya ku Mangochi, kutali kwambiri ndi gombe lomwe lidalandira opulumuka, chinthu chomwe anthu a ku Chitimba ndi Chilumba angachidandaule ndipo sangalakwe. Olemba mbiri amatchula kulemera kwa sitimayo chakumwamba, komwe kumachititsa chombo kuvutika kudzuka chikapendekeka, ndi kupitiriza ulendo nyengo itaipa kale. Mfundo yachiwiriyi ndiyo yolemera, chifukwa kapangidwe ka sitima kamakonzedwa kamodzi kufakitale pomwe chisankho chonyamuka kapena kudikira chimachitika paulendo uliwonse.

MV Ilala, yomwe idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, n'kulumikizidwa ku Monkey Bay ndi kuyamba ntchito mu 1951, idabwera kudzatseka mpata umene Vipya idasiya, ndipo kwa zaka zoposa 70 yakhala ikuyenda pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba kudzera ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Okwera amaidandaula kuti simasunga nthawi, ndipo kuchedwa kwina n'kwa ukalamba wa injini ndi kupakira katundu, komwe sikuyenera kuikiridwa kumbuyo; koma kuchedwa kobwera chifukwa kaputeni waponya nangula pamalo obisika kudikira kuti mwera uphwe ndi mbali ya chifukwa chomwe sitimayi ikadayandamabe. Ukulu pawokha suteteza: sitima ya alendo ya Oceanos idamira pa 4 Ogasiti 1991 kufupi ndi gombe la Transkei ku South Africa madzi atalowa m'chipinda cha injini m'nyengo yoipa, ndipo anthu onse 571 adapulumuka chifukwa mahelikopita ndi sitima zina zidafika msanga. Thandizo lotere silingayembekezeke pakati pa Chilumba ndi Mbamba Bay.

Malo oopsa kwenikweni lero ali pansi pa Ilala, m'maboti ang'onoang'ono. Kumalo opanda doko, monga Usisya ndi Ruarwe, Ilala imaima patali ndi gombe n'kutsitsa maboti ake, ndipo munthu amatsika pamakwerero kulowa m'boti lomwe funde likulikweza ndi kulitsitsa, mwana ali kumbuyo, matumba a ufa ndi a usipa akuponyedwa pambali pake. Kunja kwa apo kuli maboti amatabwa a injini omwe amanyamula anthu ndi katundu m'magombe opanda misewu, kawirikawiri atadzaza mpaka madzi kutsala pang'ono kufika m'milomo, ndiponso asodzi a usipa omwe amapita kutali usiku ndi nyali ndi chilimira, khoka lomwe limakokedwa ndi mabwato angapo pamodzi. Nthambi yoona zanyengo ndi kusintha kwa nyengo imatulutsa machenjezo a mwera, ndipo imachita bwino, koma chenjezo lolembedwa m'Chingerezi pa Facebook silimufika msodzi yemwe amayankhula Chitumbuka kapena Kyangonde pa ola lomwe akukankhira bwato m'madzi.

Nthambi yoona za maulendo apamadzi ili ndi mphamvu pansi pa lamulo yoyendera zombo, kuchepetsa katundu ndi kuletsa ulendo. Mphamvuyo iyenera kuoneka pagombe la Chilumba m'miyezi ya mwera: woyang'anira awerenge okwera ndi majekete oyandamitsa boti lisananyamuke, chenjezo liwerengedwe pa wayilesi za m'madera m'zilankhulo za kunyanja madzulo aliwonse, ndipo mwini boti yemwe wachotsa ntchito woyendetsa chifukwa chokana kunyamuka nyengo itaipa alandidwe chiphaso.