Manoma ndi matenda osinthasintha aphunzitsi

Loweruka lapitali pa bwalo lina kwa Dambe kuno ku Mchinji ndinaona anyamata a timu ya m'mudzi akuthamangitsa mphunzitsi wawo atangogonja masewero awiri, ndipo mtima unandipweteka chifukwa khalidweli analiphunzira kwa akuluakulu a mpira wathu. Taonani Mighty Wanderers. Chitengereni ligi mu 2017 pansi pa Yasin Osman, Manoma anakhala kuyambira 2018 mpaka 2024 osainunkha n'komwe, pomwe mpando wa mphunzitsi unkangolandira alendo: Alex Ngwira, Mark Harrison, Nsanzurwimo Ramadhan, Meke Mwase ndi ena. Aliyense ankabwera ndi kaseweredwe kake, nafuna osewera ake, ndipo asanazolowerane ndi anyamata ankapezeka atanyamula kale chikwama. Nthawi yomweyo Bullets inagwiritsitsa Kalisto Pasuwa, ndipo Maule anatenga ligi kasanu kotsatizana. Ine ndimakhulupirira kuti kusiyana kwakukulu kunali pamenepo, osati pa ndalama kapena luso la osewera. Mlimi wa mtedza wa kuno sazula mbewu sabata iliyonse kuti aone ngati yayamba kubereka, koma atsogoleri a matimu amachita zimenezo akangomva masapota akulalata pa wailesi. Chondiwawa kwambiri n'chakuti amene analemba mphunzitsi wolakwikayo, amene anachedwetsa malipiro ndi kugula osewera mosaganiza bwino, amakhalabe pampando, ndipo ndi omwewo amene amasankhanso mphunzitsi wotsatira.