Musanagule Pikapu Yogona pa Miyala

Munthu woyenda pansi m'timiseu ta ku Mulunguzi, m'munsi mwa phiri la Zomba, salephera kuona kuseri kwa mipanda ya maluŵa galimoto zimene zidaleka kuyenda kalekale, ndipo zambiri mwa izo ndi mapikapu. Ina idakhazikidwa pa miyala matayala atachotsedwa, ina idasanduka chisa cha nkhuku, ina ana amaseŵereramo madzulo, kugwira chiwongolero kupita ku Lilongwe ndi kubwerako dzuŵa lisanaloŵe. Nzosadabwitsa. Zomba adali likulu la dziko lathu kufikira 1975, Nyumba ya Malamulo idakhalabe kuno kufikira 1994, ndipo ena mwa ogwira ntchito m'boma akapuma ankagula kapikapu koti kaziwathandiza kumunda. Eni ake ena adakalamba, ena adatisiya, koma zitsulo zidatsala.

Masiku ano achinyamata ena, ndi makolo omwe, ayamba kuziyang'ana ndi diso lina galimoto zimenezi. Amati tikaigula motchipa ndi kuidzutsa pang'onopang'ono, idzatinyamulira kachewere, matabwa ndi ndiwo zamasamba kupita nazo ku msika. Maganizo ameneŵa ngabwino ndithu, ndipo m'danga lino sitifuna kuwafooketsa. Galimoto za zaka zimenezo zilibe kompyuta m'kati. Munthu wodekha, wokhala ndi masipana oŵerengeka, angathe kumasula injini yonse ndi kuimanganso pansi pa mtengo wa mango. Mnyamata kapena msungwana wophunzira umakanika, monga ku sukulu ya ntchito zamanja ya Nasawa, sangapeze mphunzitsi woposa pikapu yakufa imene makolo amlola kuigwira. Koma ogula ambiri amaphonya pa funso lao loyamba. Amangofika ndi kufunsa kuti, "Kodi injini ikulira?" Pajatu injini yakufa imakonzeka, ndipo ikakanika amaikamo ina. Zimene ndalama za banja wamba sizingakonze ndi ziŵiri: mapepala a galimotoyo, ndi chasisi chake, ndiye kuti chimango chachitsulo chimene thupi lonse limakhalapo.

Tiyambe ndi mapepala, popeza mpamene pagona mtendere wa mabanja onse aŵiri, la wogula ndi la wogulitsa. M'bulubuku muli dzina la mwini galimoto, nambala ya chasisi ndi nambala ya injini. Nambala zomwezo zidadindidwa pa chitsulo. Palani dothi ndi mafuta, muziŵerenge nokha chilembo ndi chilembo, kufananiza ndi za m'bukumo. Mukaona kuti pamalopo padapalidwa ndi tupa kapena padawotchereredwa, tsazikani mwaulemu muzipita. Kusintha umwini kumachitikira ku ofesi ya Road Traffic, ndipo kuyambira 2015 zonse zimadzera m'makompyuta, m'njira yotchedwa MalTIS. Galimoto imene idagona chakacho chisanafike mwina simupezeka m'makompyutamo, tsono nkwanzeru kupita kukafunsa musanapereke ndi tambala yomwe. Ngati idabwera ndi m'bale wochokera ku Joni, funsani chikalata cha MRA chosonyeza kuti msonkho udalipidwa, ndipo apolisi atsimikize kuti siyakuba.

Komatu nkhani yolemera koposa ndi iyi: kaŵirikaŵiri mwini pikapu yotere adamwalira. Amene akukugulitsani angakhale mphwake kapena mlamu wa malemu, munthu wolankhula bwino, makiyi ali m'manja. Kusunga makiyi si umwini. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda chuma chotere ndi mlandu. Funsani kuti ndani adapatsidwa mphamvu yoyang'anira chumacho, muone chikalata chake. Onanani maso ndi maso ndi mai wamasiye, mumve kwa iwo eni ngati akufunadi kugulitsa, ndipo ndalama muperekere pamaso pao ndi pa mboni, zonse zitalembedwa. Chitsulo chadzimbiri chimene inu mukuchiona ngati chotayidwa, mwina ndicho chuma chokha chimene chingafikitse mwana wa m'nyumbamo ku Fomu 4. Wogula amene atsinzina dala chifukwa mtengo watsika, waloŵa nao m'kulandako, ndipo tsiku lina anawo atakula adzamgogodera pakhomo.

Mapepala akalongosoka, valani zovala zantchito, tengani tochi, kanyundo ndi sikuludiraiva, mukwaŵire kunsi. Apa tichenjeze achinyamata: musaloŵe kunsi kwa galimoto imene yangotsamira pa jeki kapena pa njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Ikani zipika zolimba ndi kutchinga mawilo.

Kuno ku Zomba mvula ndi nkhungu sizisoŵa, ndipo galimoto yoima pa udzu zaka zambiri imadyeka kuyambira kunsi, kumene maso safika. Gogodani chasisi kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo, mbali zonse ziŵiri. Chitsulo chamoyo chimalira ngati khasu latsopano; chodyeka chimalira mogonthera ndipo chimagwetsa makoko ngati bulugamu. Dzimbiri lofiira lapamwamba lisakuopseni, limenelo limapalika. Loopsa ndi lotupa, lokhala m'magaŵomagaŵo, limene sikuludiraiva imaloŵamo mukakankha. Khalitsani pamene pamangiriridwa masipuling'i akumbuyo, ndi pamene pamangidwa bokosi la chiwongolero, popeza malo ameneŵa akathyoka galimoto ili pa liŵiro, si nkhani ya ku garaja ayi, ndi ya ku chipatala. Kenaka tukulani mphasa za m'kabini muone pansi, suzumirani pansi pa batire pamene asidi amadontha, ndi m'munsi mwa zitseko. Mukatuluka, imani chapatali kumbuyo kwake muone ngati kabini ndi bodi zili pa mzere umodzi. Pikapu imene idagwirapo matola, kunyamula anthu, matumba ndi njinga kupyola muyeso, kapena imene idagundapo, imaoneka yopindika msana, ndipo matayala ake amatha mbali imodzi ngakhale muwasinthe kangati.

Penti yatsopano pa galimoto yakale iyenera kukupatsani mafunso, osati chimwemwe. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani kamaginito, ngakhale kochokera m'sipika ya wailesi yakufa, mukayendetse pa zitseko ndi pamwamba pa mawilo. Pamene sikagwira, pamatidwa phala lobisa dzenje. Njira imeneyi siigwira pa Land Rover, chifukwa thupi lake ndi la aluminiyamu, ndipo mpamene ambiri amapusitsika: kunja kumaoneka kwabwino zaka makumi, pamene chasisi chachitsulo kunsiko chatha.

Za mtundu wa pikapu tinene mwachidule. Funso si lakuti yokongola ndi iti, koma lakuti masipeya ake apezeka kuti. Datsun yaing'ono ija, imene pambuyo pake idatchedwa Nissan 1400, idapangidwabe ku South Africa kufikira 2008, kotero zipangizo zake sizivuta kwenikweni, ngakhale kuti imanyamula pafupifupi theka la tani basi. Toyota Hilux, imene idayamba kupangidwa mu 1968, amakanika ambiri amaidziŵa. Peugeot 404, imene makolo ambiri amaikumbuka ndi chikondi, idalekeka ku Kenya mu 1991, ndipo woifuna akhale wokonzeka kusakasaka. Musanagule, patulani Loŵeruka limodzi mukayende kwa ogulitsa masipeya ku Limbe ndi ku Ndirande, mukafunse mtengo wa gasiketi, pampu ya madzi, marabala a mabuleki, nyali ndi galasi lakutsogolo. Galasi ndi nyali ndizo zimasoŵa msanga.

Tsopano tifike pa injini ija. Ngati ikulira, fikani m'maŵa, muyambe mwaikhudza ndi dzanja. Mukaipeza yofunda, dziŵani kuti wina walaŵirira kuilizako kuti musamve m'mene imavutira ikazizira. Utsi wabuluu ukutanthauza kuti ikutentha oyilo, maringi atha. Wakuda, ikumwa mafuta opyola muyeso, ndipo nthaŵi zambiri limeneli ndi vuto laling'ono. Woyera wosaleka ngakhale injini itatentha, madzi akuloŵa m'masilinda. Solani kachitsulo koyezera oyilo: akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi asakanikirana naye. Makanika wodalirika, wobwera naye inu osati wa wogulitsa, ayeze mphamvu ya silinda iliyonse ndi geji, ndipo manambala ake asatalikirane. Ngati galimoto yagona zaka, musathamangire batire. Chotsani mapulagi, thirani oyilo pang'ono m'mabowomo, muyese kuzunguza injini ndi sipana. Ikazungulira, chiyembekezo chilipo.

Pali zinthu ziŵiri zokhudza mafuta zimene mabuku akale a galimotozi sakuuzani. Kuyambira 1982 petulo wa m'Malaŵi amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe, poyamba wa ku Dwangwa. Ethanolo amakoka chinyezi ndiponso amafooketsa mapaipi akale a rabala, tsono thanki yogona iyenera kutsitsidwa ndi kutsukidwa, mapaipi onse a mafuta asinthidwe. Paipi yong'aluka pamwamba pa injini yotentha ndi moto. Chachiŵiri, petulo wokhala ndi mtovu adaleka kugulitsidwa m'maiko a kuno mu 2006, pamene injini zina zakale zinkadalira mtovuwo kuteteza pokhalira mavalavu. Mukatsekula mutu wa injini, funsani makanika ngati malo amenewo afunika kuikidwa olimba.

Pikapu imene ikuyenda ndipo ili ndi ziphaso zoyendera pa mseu, woiŵeruza wake tili naye pafupi. Mseu wokwera ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi umakweza galimoto mamita oposa 500 m'makona okhaokha. Pokwera mudzaona ngati kalachi ikuterera, ngati giya ikutuluka yokha, ndi ngati madzi a m'radiyeta akuŵira. Mukaima pamwamba, suzumirani kunsi muone chimene chikudontha. Koma mayeso enieni ali potsika. Mafuta a mabuleki amamwa chinyezi akakhalitsa, ndipo pa mtsetse wautali amatha kuŵira, phazi nkungoloŵa mpaka pansi popanda kanthu. Chifukwa chake yesani mabuleki ndi handibuleki pamalo athyathyathya musanayambe ulendo, tsikani pa giya yachiŵiri, ndipo ana atsale kunyumba. M'mseumo mumatsika anthu osenza nkhuni ndi okankha njinga zolemedwa, amene sangathaŵire kulikonse. Ngati mabuleki akukaikitsa ngakhale pang'ono, phiri lidikire.

Chotsala ndi ndalama, ndipo apa bambo asaŵerengere yekha. Khalani pansi ndi mai a kunyumba, pepala ndi pensulo zili pa tebulo, mulembe mtengo wogulira, woikokera kunyumba, wosinthira umwini, wa matayala, batire, masipeya, owotcherera, inshuwalansi ndi chiphaso cha COF. Nthaŵi zambiri mtengo wogulira ndiwo umakhala waung'ono pa zonsezi. Masipeya ambiri amachokera kunja, ndipo tidaona mu Novembala 2023, kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, m'mene mitengo imasinthira usiku umodzi. Choncho pamwamba pa chiŵerengero chanu onjezerani ina yodzidzimutsa. Fizi ya ana ndi ndalama ya feteleza zisaloŵemo, ndiponso ngongole ya katapira isayandikire ntchito imene ingatenge zaka ziŵiri isanabweze kanthu. Matayala ooneka atsopano nawo muwaŵerenge: m'mbali mwake muli manambala anai, aŵiri oyamba ndi sabata, aŵiri otsiriza ndi chaka chimene adapangidwa, ndipo tayala la zaka khumi lakalamba ngakhale mapanga ake ali akuya. Pogwira ntchito yambani ndi chasisi, mabuleki, chiwongolero ndi matayala, kenaka injini ndi mawaya a magetsi. Penti, mipando ndi wailesi zibwere pikapu itapambana kale mayeso a COF.