ZA PA BWALO: Masewera a pa Lamya ndi Mau a Mulungu

Makolo ambiri m'midzi mwathu, kuyambira ku Lundazi kufikira ku Petauke, ali ndi dandaulo limodzi: mnyamata akangozolowera lamya m'manja, khasu liyamba kumlemera. Dzuwa likapendeka mudzapeza anyamata ataunjikana pa sitolo pamene pali magetsi a sola ndi wailesi ya kanema, akupikisana mpira wa pa makina umene ambiri aucha FIFA, ngakhale kuti eni ake anausintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC. Akulu ena a mpingo amanena kuti masewerawa ndi msampha wa Satana ndipo Mkristu sayenera kuwakhudza. Sabata ino tifuna kufunsa funso lina: kodi mwana wa Cikristu angathe kuuza anzake za cikhulupiriro cake kupyolera m'masewera omwewa?

Tiyambe takumbukira nsolo. Makolo athu sanali kukumba maenje pansi pa mtengo cifukwa ca miyala yokha iai. Pa nsolo ndi pamene amuna anali kumvana nkhani za maliro, za mvula ndi za milandu, ndipo munthu anali kudziwika khalidwe lake pomwepo: wina woba miyala, wina wopsa mtima akadyedwa, wina woleza mtima. Masewera a pa lamya ndiwo nsolo ya ana a lero. M'buku la Macitidwe a Atumwi, mutu 17, timva kuti Paulo atafika ku Atene sanangokhala m'nyumba yopempheramo, koma anali kupita pa msika tsiku ndi tsiku kukakambirana ndi anthu amene anawapeza kumeneko. Wofuna kulankhula ndi anthu ayenera kupita kumene anthuwo asonkhana.

Kumaiko akutali alipo amene anayesa kale njira imeneyi. Pali masewera ochedwa Minecraft, amene anayambidwa ndi Markus Persson wa ku Sweden mu 2009, ndipo kampani ya Microsoft inawagula mu 2014. Pofika caka ca 2023 anali atagulitsidwa koposa 300 miliyoni. M'masewerawa munthu amakumba miyala, kudula mitengo ndi kumanga nyumba ndi njerwa za pa cithunzi, ndipo anthu ambiri angathe kumanga mudzi umodzi ali m'maiko osiyana. Ena amamangamo cingalawa ca Nowa potsata miyeso ya m'buku la Genesis, mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi ndi 30 msinkhu wake. Mnzao akafunsa kuti cinthu cacikulu cotere ndi ca ciani, nkhani ya cigumula yayamba popanda wina kukweza mau.

Mu 2019 wansembe wa ku America wa cipani ca Ajezuiti, Bambo Robert Ballecer, ali pa nchito ku Rome, anatsegula bwalo la Minecraft pa intaneti. Colinga cake cinali kupatsa acinyamata malo osewereramo opanda kutukwana ndi kunyozana, pakuti zimenezi zacuruka m'masewera otere. Posakhalitsa anthu ena acipongwe anayesa kuligwetsa bwalolo polithira katundu woposa mphamvu ya makina ake. Apa tiphunzirapo kuti nchito imeneyi ili ndi minga yake. Komanso mu 2016, pamene masewera a Pokémon Go anayamba kutsogolera ana ku malo odziwika a m'mizinda, kuphatikizapo nyumba za mapemphero, mpingo wa Church of England unalangiza abusa ake kuti alandire bwino anawo m'malo mowapitikitsa.

Citsanzo coposa zonse ndi ca mnyamata wa ku Italy, Carlo Acutis. Iye anabadwira ku London mu 1991, nakulira ku Milan, ndipo anamwalira mu 2006 ndi khansa ya m'magazi ali ndi zaka 15. Anali kukonda masewera a pa kanema monga anzake onse, koma amai ake amacitira umboni kuti anadziikira yekha lamulo la kusewera ola limodzi lokha pa sabata. Nzeru zake za kompyuta anazigwiritsa nchito posonkhanitsa nkhani za zozizwitsa za Ukaristia, ndipo ku sukulu anali kuimira kumbuyo ana obvutitsidwa ndi anzao. Pa 7 Sepitembala 2025 Papa Leo XIV anamlengeza kukhala woyera. Kaya ndinu a Katolika, a Reformed Church, a Anglican kapena a Sabata, phunziro lake likhudza tonse: anzake anamkhulupirira cifukwa anali mbuye wa masewerawo, osati kapolo wao.

Tsono inu anyamata ndi atsikana, mverani zinthu zitatu.

Coyamba, ulaliki wanu ndi khalidwe lanu pa masewera. Mnzanu akakucinyani zigoli zisanu, inu n'kumgwira canza osatukwana, waona kale cinthu cacilendo. Mukapatsako mpata mwana wamng'ono amene alibe ndalama yolipira pa sitolo, mwalalikira. Koma amene amanama ndi kutukwana Loweruka, nacula dzina la Yesu pa Sondo, angoseketsa anzake.

Caciwiri, mnzanu si mbewa yoti muichere msampha. Mukasewera naye kokha cifukwa cofuna kumkokera ku mpingo wanu, adzazindikira msanga, ndipo mudzataya ubwenzi pamodzi ndi uthengawo. Khalani bwenzi lenileni. Tsiku limene amai ake adwala, kapena walephera mayeso a Giredi 12, ndinu amene adzakuuzani, ndipo pamenepo mungamfunse ngati alola kuti mupemphere naye. Akakana, kapena akakhala wa cipembedzo cina, mlemekezeni ndipo mawa museweranso naye.

Cacitatu, dziwani polekezera. Mu 2019 maiko a m'bungwe la World Health Organization anabvomereza kuti kumwerekera ndi masewera a pa kanema kuikidwe pa mndandanda wa matenda. Cizindikiro cake ndi pamene munthu alephera kudziletsa, naika masewera patsogolo pa nchito, sukulu ndi tulo, napitiriza ngakhale aona kuti zikumuononga. Mnyamata amene wasiya ng'ombe zidye cimanga ca mwini, kapena watapa ndalama ya feteleza kugulira bandulo, asaname kuti anali pa nchito ya Mulungu. Ndiponso masewera akucha njuga pa lamya, obecha ndalama pa mpira, sali m'gulu limene tikunena pano. Amenewo ndi dzenje.

Kwa inu makolo ndi akulu a mpingo, kulanda lamya ndi kukwapula sikuthetsa nkhani, pakuti mwana adzapita kukasewera kumene simumuona. Khalani naye pansi, akuonetseni cimene asewera ndi anthu amene alankhula nao, cifukwa pa intaneti munthu wamkulu wa maganizo oipa angathe kudzicha mwana. Panganani maola, ndipo nchito ya kumunda ndi ya sukulu iyambe yatha. Atsogoleri a acinyamata angakonze mpikisano wa mpira wa pa makina pa bwalo la chalichi Loweruka masana, kuitana ana onse a m'mudzi popanda kusankha mpingo, ndi kutsiriza ndi pemphero lalifupi dzuwa lisanalowe.

Akulu anati m'mera mpoyamba. Ana athu alowa kale m'bwalo limeneli, ife tifune tisafune. Cotsala ndi kuwaphunzitsa kulowamo monga Akristu, kuti mnzao wosewera naye akabwerera kwao adzifunse cimene cimcititsa mwana uyu kukhala wosiyana ndi ena.