Mawu Ataliatali Sakhozetsa Mayeso

Adzukulu anga a kwa Mposa amene muli ku sekondale, tcherani khutu. Pakati panu pabuka kachizolowezi kotsegula dikishonale usiku, kutolamo mawu ataliatali a Chizungu, m'mawa n'kukawaponyera anzanu kuti akugomereni. Anzanuwo amaombadi m'manja. Koma wochonga mayeso a MANEB saomba nawo. Iye akapeza liwu lalikulu litakhala pamalo posakhala pake, amalikhwatcha n'kupitirira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chizungucho chifuneni ndithu, ndipo muchifune ndi mtima wonse. Satifiketi ya MSCE amapatsa munthu amene wakhoza maphunziro asanu ndi limodzi, limodzi mwa iwo likhale Chizungu. Upeze 1 pa masamu, 2 pa Agriculture, koma pa Chizungu pakagwa 9, satifiketi palibe. Ku yunivesite za boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chizungu chili momwemo. Domasi College of Education ili pakhomo pathu pomwepa, University of Malawi ili pa Zomba apa, koma wopanda Chizungu amangozionera panja. Kupatula Chichewa, maphunziro ambiri mafunso ake amabwera m'Chizungu chomwechi.

Tsono mawu ofunika kuyamba nawo ndi ati? Ndi aja mumawapeputsa. Funso likayamba ndi state, akufuna mutchule basi. Likati explain, akufuna chifukwa chake ndi m'mene chinthucho chimachitikira. Likati compare, muike zinthu ziwiri pamodzi, musonyeze pofanana ndi posiyana. Ana ambiri phunziro amalidziwa bwinobwino, koma amayankha funso limene sanafunsidwe. Palinso timawu tomanga ganizo, monga although, however, therefore ndi whereas. Chimangirizo chopanda timawu timeneti chimamwazika, ngakhale mutachithira mawu ataliatali odzaza dengu. Ndiye pali kaliwu kaja put, kamene mwana wa Sitandade 3 amakadziwa. Mukawonjezera off mwachedwetsa chinthu, mukawonjezera out mwazimitsa moto, mukawonjezera up with mwapirira. Ambiri amagwera pa timawu tatifupi ngati timeneti.

Mawu ozama nawo ali ndi malo ake, ndipo inu a kwa Mposa muli ndi mwayi umene mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe alibe. Nyanja ya Chilwa mumaiona ndi maso anu. Mukudziwa kuti mitsinje monga Domasi ndi Likangala imathira m'menemo, koma palibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo madzi ake ndi amchere. Agogo anu anaiona itaphwa mu 1968, makolo anu mu 1995, ndipo mu 2018 inu nomwe munaona mabwato atakhala pamatope, matemba atasowa. Buku la Geography likanena evaporation, likunena dzuwa lija limamwa madzi a nyanja yosaya imeneyi. Likanena siltation, ndi dothi lokokoloka m'mapiri a Chikala mitengo ikatha. Catchment ndi dera lonse limene mvula yake imathera m'nyanjamo, wetland ndi dambo la milulu ndi mabango kumene anthu amatchera mbalame, irrigation ndi ngalande zija za m'minda ya mpunga ku Domasi. Liwu limene mwalimangirira pa chinthu chimene munachiponda ndi phazi silithawa m'chipinda cha mayeso. Lothawa ndi lija munaliloweza lokha, lopanda chiganizo, lopanda chithunzi m'mutu.

Njira ina ndi yophwanya mawu. Mawu ambiri ataliatali a sayansi anachokera ku Chigiriki ndi Chilatini, ndipo amamangidwa ndi zidutswa zobwerezabwereza. Bio ndi moyo, geo ndi dziko, photo ndi kuwala, hydro ndi madzi, micro ndi chaching'ono. Wodziwa tizidutswa totere akakumana ndi liwu lachilendo sanjenjemera. Kamuzu atatsegula sukulu yake ku Mtunthama mu 1981 analamula kuti ana aziphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ena ankati n'kunyada chabe, ndipo mwina kunyadako kunalipo, koma pa nkhani ya mizu ya mawu mkuluyo sanaphonye. Inu simukusowa kupita ku Mtunthama. Tsamba limodzi la kope likukwanira.

Koma gwero lenileni la mawu ndi kuwerenga. Ndikudziwa kuti mabuku ndi ochepa, buku limodzi mumagwirizira anthu angapo. William Kamkwamba wa ku Wimbe anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala, Chizungu chake chili chopunduka. Anabwereka buku lotchedwa Using Energy mu kalaibulale ka pa pulayimale, n'kumayerekeza zithunzi ndi mawu olembedwa pambali pake mpaka anamanga makina opanga magetsi ndi mphepo. Mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America. Choncho nyuzipepala ya The Nation kapena The Daily Times, ngakhale ya mwezi watha imene anakulungira sopo, muiwerenge musanakolezere moto. Nkhani za Chizungu pa wailesi ya MBC muzimvera, kenako mumvere za Chichewa, muone ngati munamvadi. Mukapeza liwu latsopano, yambani mwaliganizira kuchokera pa mawu oyandikana nalo, dikishonale ibwere pambuyo. Mulilembe m'kope pamodzi ndi chiganizo chonse chimene munalipezamo, pansi pake mupange chiganizo chanuchanu. Mawu atatu pa tsiku akwana. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo pamene pakuvutani funsani aphunzitsi, ngakhale anzanu aseke, chifukwa safunsa anadya phula.

Chimene chimandiwawa mtima ndi mwana amene wangolawa Fomu 2, wayamba kale kuchita manyazi ndi Chiyao kapena Chilomwe cha amayi ake, mpaka kuyankha agogo m'Chizungu. Kumeneko n'kupanda mwambo, komanso n'kusadziwa. Mwana wolankhula Chiyao kunyumba, Chichewa pamsika, madzulo n'kumawerenga zilembo za Chiarabu ku madrasa, mutu wake unazolowera kale kusenza zilankhulo. Jack Mapanje anabadwira ku Mangochi, m'banja la Chiyao ndi Chinyanja, ndipo anafika potsogolera dipatimenti ya Chizungu ku Chancellor College. Ndakatulo zake za Chizungu zimamwa pa chitsime cha nthano ndi nyimbo za kwawo, n'chifukwa chake zinamveka kunja.

Loweruka likudzali, mukaweruka kumunda, khalani atatu kapena anayi pansi pa mtengo wa mango. Aliyense alembe ndime imodzi yofotokoza m'mene amaumitsira matemba kapena m'mene amaokera mpunga, ndipo alowetsemo mawu asanu a m'kope lake. Mukatha sinthanani mapepala. Pamene mnzanu wakwinya nkhope n'kufunsa kuti “apa ukutanthauza chiyani?”, liwulo lichotseni, muikepo limene mungathe kulifotokoza, ndipo Lolemba mukapereke ndimeyo kwa aphunzitsi kuti aichonge.