Nkhongole ya council imalipiridwa pa tebulo la tomato

Azimayi ndi azibambo a pa msika, kuchokera ku Mfuwe mpaka ku Kapata mu Chipata, lero tikambeko nkhani ya malo ndi ma rates.

Kwa Senior Chief Nsefu, monganso kwa Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama, malo ambiri ali m'manja mwa mafumu. Munthu wa kumudzi salipira rates pa nyumba yake. Koma Mfuwe ikukula, mashopu akumangidwa m'mbali mwa msewu, ndipo Mambwe Town Council idzafuna malo a misika, ma station ndi ma plot. Lamulo la malo la 1995 limalola kuchotsa malo ku ufumu kuwaika pa title ngati mfumu ndi council avomereza. Pomwe malo ali kale pa title ya munthu, council iyenera kugula kapena kulipira chipukuta misozi. Funso lathu ndi limodzi chabe: ndalamazo zidzachoka kuti?

Ngati yankho ndi nkhongole, khalani maso. Council ilibe mgodi, ilibe munda. Ndalama zomwe imasonkhanitsa yokha ndi ma rates, ma levy, ma licence ndi tiketi ija mumadula m'mawa musanagulitse olo mulu umodzi. Banki siifunsa kuti ma plot agulidwa kapena ayi, imafuna chake mwezi ukatha. Tiyerekeze council yakongola K1 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 25 peresenti. Pa chaka ndi K250,000 ya chiwongoladzanja chokha, nkhongole yeniyeni ili phee. Tiketi ikakhala K5, ndi matiketi 50,000 amene sanagule tsache olo kukonza chimbudzi cha pa msika.

Ena adzati, "Ine ndilibe nyumba, ma rates sandikhudza." Amakukhudzani, mayi. Lamulo la ma rates la 2018 limati council ilembe mtengo wa nyumba ndi mashopu mu valuation roll, msonkho uwerengedwe pa mtengowo. Bilu imapita kwa landlord, inde. Manje landlord ndani amene amameza yekha? Amakweza renti ya kachipinda kanu. Wa wholesale naye amaika pa saladi ndi shuga. Inu mukakweza kapenta, kasitomala adutsa kupita pa tebulo la mnzanu. Ndiye kuti mwalipira katatu: pa tiketi, pa renti, ndi pa oda.

Palinso ichi chimene sachikamba pa misonkhano. Malo akalowa mu township, nyumba za pamenepo zingathe kulowa mu valuation roll. Banja lomwe lakhala pa malo a makolo zaka zonse lingadzuke ndi bilu, msewu ulibe, madzi kulibe, njovu zikali kudya chimanga kuseri kwa nyumba.

Nkhongole taiona kale ngati dziko. Eurobond ya 2012 inali $750 miliyoni, ya 2014 $1 biliyoni, ya 2015 $1.25 biliyoni. Pofika November 2020 Zambia inalephera kulipira, ndipo mitengo mu msika munaiona nokha. Za malo nazo: mu 2020 ma council a Lusaka ndi Kitwe anaimitsidwa chifukwa cha kagawidwe ka ma plot. Malo akapezeka, oyamba pa mzere sakhala amayi a chitumbuwa.

Sitikukana chitukuko ayi. Msika wabwino wa malata ndi madzi tikuufuna. Koma boma limatiuza tsiku lililonse kuti CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika K25.7 miliyoni mu 2022. Chabwino, msika wa mu Malambo constituency umangidwe ndi ndalama imeneyo, pa malo okambirana poyera ndi mafumu, anthu a m'mudzimo alipo.

Ku Mambwe, ku Chipata ndi kwina konse, ma chairlady a misika afunse ma councillor awo ndi Ward Development Committee: council ili ndi nkhongole zingati, kwa ndani, ndipo ikubweza ndi ndalama ziti? Yankho libwere pa pepala, limatidwe pa ofesi ya market master. Valuation roll ikatuluka, pitani mukaione. Lamulo limalola kudandaula ngati mtengo waikidwa molakwa, ndipo madandaulo amamvedwa ndi Rating Valuation Tribunal, koma pali masiku ake. Akatha, bilu yakhazikika.