Nyanja siikokolola zonse ku Knysna

Akonzi,

Amene analemba sabata yatha kuti tauni yaing'ono ngati Knysna isataye ndalama poyeretsa madzi a m'zimbudzi, ati poti nyanja imakokolola zonse, alakwitsa kwambiri. Apite akaone Ashmead Channel, kumene madzi ochokera koyeretserako amathera. Ngalandeyo ndi yosazama, mafunde saitsuka mokwanira. Nayitrojeni ndi fosifeti za m'madziwo zimanenepetsa ndere, nderezo n'kuphimba udzu wa pansi pa madzi, zikawola fungo lake losapiririka. Mu udzu umenewo ndimo mumakhala kansomba kotchedwa Knysna seahorse, kopezeka m'matsiriro a mitsinje atatu okha padziko lonse: Knysna, Swartvlei ndi Keurbooms. Choncho mapaipi ndi mapampu a madzi a m'zimbudzi akonzedwe Disembala asanafike, alendo asanadzaze tauniyo.

Wowerenga wanu,
Knysna