Za Ana Athu Ophunzira Gofu ku Cilendo

Pakati pa ana athu ogwira nchito ku maiko a eni palowa mkhalidwe watsopano, ndipo tifuna kuunena poyera, cinkana tidziwa kuti ena adzatida nao mau athu. Kale munthu pocokera ku Johannesburg kapena ku Bulawayo ankabwera ndi njinga, ndi bulangete la amace, ndi makina osokera. Lero mwini asanabwere citsogola cithunzi cace pa foni: waima pa udzu wosalala, kapusi kumutu, golovesi ku dzanja limodzi, ndodo yacitsulo paphewa, ndipo pansi alemba kuti wayamba kuphunzira gofu. Makolo acizungulitsa cithunzico m'mudzi monse, nanyadira kuti mwana wakwera. Koma mwezi womwewo ndalama ya feteleza siifika, ndipo mwezi wotsatawo ifika yoperewera, pamodzi ndi mau akuti zinthu zabvuta kuno.

Kwa iwo amene sanaone masewerawa tifotokoze pang'ono. Bwalo lace ndi lalikuru ngati minda ya mudzi wathunthu, ndipo liri ndi maenje 18 otalikirana. Munthu amenya kampira koyera kosafika pa dzira la nkhuku, nakatsata pansi, nakamenyanso, kufikira kalowa m'dzenje la kukamwa ngati kwa kapu. Wopambana ndiye amene watsiriza maenje onse pomenya kawiri kawiri kocepa kuposa anzace. Katswiri atsiriza pomenya ka 72 kapena kucepera apo. Woyamba apitirira 100 kutali, pakuti kampira kace kathawira m'chire, mumcenga ndi m'madzi, ndipo kogwa m'dziwe sikabwerera, agula kena. Lamulo lilola ndodo 14 m'thumba limodzi. Kuzungulira bwalo kamodzi kudya maora anai, ndipo kwa wosazolowera asanu.

Masewerawa anacokera ku Scotland, dziko lomwelo limene linatitumizira aphunzitsi a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Ndipo makani ace si a lero. Mu 1457, m'masiku a mfumu James II, bwalo la malamulo la dzikolo linaletsa gofu pamodzi ndi mpira wa miyendo, cifukwa amuna analeka kuphunzira uta, umene unali cinjirizo la dziko lao. Analetsanso mu 1471 ndi mu 1491. Koma mu 1502 mfumu James IV, mdzukulu wa uja woyamba kuletsa, anadzigulira ndodo zace. Taonani mphamvu ya kampira aka, kuti kanagonjetsa ndi mfumu yomwe!

Sitinena kuti gofu ndi chimo. Kuyenda maora anai pa mpweya wabwino kuposa kukhala m'nyumba ya mowa, ndipo tidziwa kusungulumwa kwa mlendo wopanda mbale m'mzinda waukuru. Akuru ena a mpingo atsutsa masewerawa pa cifukwa cimodzi cokha, cakuti anadza ndi Azungu. Amenewo tiwakumbutsa kuti sileti ndi njinga zinadza nao omwewo. Mlandu wathu uli ndi wophunzira amene alipira masewera ace ndi zinthu zimene siziri zace.

Tikawafunsa anyamatawo yankho lao ndi limodzi. Ati: Inu a kumudzi simudziwa, pa bwalo la gofu ndi pamene mabwana apangana za nchito, ndipo wofuna kukwezedwa ayenera kupezeka pomwepo. Mau awa ali ndi coonadi pang'ono, ndi cifukwa cace anyenga ambiri. Indedi eni cuma apangana malonda poyenda pakati pa maenje. Koma apangana ndi yani? Ndi anzao a cuma, amene anadziwana nao kale. Wosamalira okalamba ku Manchester, kapena wogulitsa m'sitolo ku Durban, sakwezedwa cifukwa ca kampira. Akwezedwa cifukwa ca kukhulupirika kwace ndi mapepala a maphunziro ace. Nanga bwana amene anagwira ndodo ali mwana akondwera bwanji ndi woyamba amene amuimika pa dzuwa pofuna kampira m'udzu? Adzamsekerera tsiku limenelo, pakuti ulemu utero, koma Lolemba m'mawa yense ali pa mpando wace wakale. Maora amene atha pa bwalopo m'caka cimodzi akadatha m'sukulu ya madzulo, mnyamatayo akadabwera ndi pepala m'manja.

Tsono werengani mtengo. Ndodo zigulidwa, ndi thumba, ndi nsapato zace za padera. Malaya akhale a kolala, pakuti makalabu ambiri salola ena. Polowa pa bwalo alipira, mphunzitsi alipidwa pa ora, ndipo wofuna kulembedwa m'kalabu apereka ya pa caka. Sizithera pomwepo. Atatsiriza maenje 18 osewera alowa m'cipinda ca zakumwa, cimene iwo okha mwanthabwala acicha dzenje la 19, ndipo woyamba, poopa kuoneka waumphawi, agulira gulu lonse. Ena abecherana ndalama pa dzenje liri lonse, ndipo tidziwa amene aluza pamene wophunzira abecherana ndi wozolowera. Zonsezi zicokera m'thumba limodzi lomwelo mocokera fizi ya mlongo wace. Iye amene malipiro ace akwana zonse, asewere, sitiri naye kanthu. Koma wotenga ndodo pa ngongole, nalembera amace kuti zinthu zabvuta, wanama. Ndipo bodza lonenedwa pa foni liri bodza ndithu. Cakomacakoma pusi anagwa cagada.

Cotiwawa koposa ndi tsiku. Wolembedwa nchito kwa eni kawiri kawiri tsiku lace lopuma ndi Sabata lokha, ndipo anzace amuitana m'mawa, nthawi yomweyo imene belo liitana. Sabata loyamba ati ndi kamodzi kokha. Lacitatu ati adzapemphera madzulo. Pakutha miyezi isanu ndi umodzi kalata yace ya mpingo iri pansi pa bokosi, yosaperekedwa kwa mbusa ali yense, ndipo abale a mpingo wa kumeneko, amene akadamuyendera podwala ndi kusonkha za kutumiza maliro ace kwao, samdziwa nkhope. Machona a kale anayamba motero, pang'ono pang'ono; panalibe wonyamuka m'mudzi ali ndi mtima wakuti sadzabweranso. Ndipo asatiuze kuti masewerawa afuna Sabata. Eni ace a ku Edinburgh analetsa gofu wa pa Sabata mu 1592. Bwalo lakale la ku St Andrews, limene osewera a dziko lonse lapansi aliyesa kwao kwa gofu, ndi kumene ciwerengero ca maenje 18 cinakhazikika mu 1764, litsekedwa tsiku la Sabata, kupatula pa mipikisano yaikuru, ndipo anthu a mumzindamo angoyendapo ndi ana ao ndi agaru ao. Kodi mwana wa ku Dedza adzakhala wacangu pa gofu kuposa a ku St Andrews?

Pali yankho lina, ndipo ili tililemekeza. Ati: Makolo athu ankasenza matumba a ndodo pa mabwalo a ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Zomba, osaloledwa kukhala pa mpando m'kalabu, lero khomo latseguka, kodi tisalowe? Lowani ndithu. Koma kumbukani amene anakankha khomolo. Ku Durban kunali Mmwenye wosauka, dzina lace Sewsunker Sewgolum, wochedwa Papwa, amene anayamba ndi ndodo ya nthambi ya mtengo, nakula akusenza matumba a Azungu. Ndodo ankaigwira mopingasa manja, mosiyana ndi ciphunzitso conse. Munthu ameneyu anapambana mpikisano wa Dutch Open mu 1959, mu 1960 ndi mu 1964, napambananso Natal Open mu 1963 ndi mu 1965, ulendo waciwiriwo pogonjetsa Gary Player. Cikho anacilandirira panja mvula ikugwa, pakuti malamulo a tsankho sanamlole kulowa m'nyumba ya kalabu, ndipo cithunzi cace cinacititsa manyazi dziko la South Africa pamaso pa maiko onse. Pambuyo pace boma linamtsekera mipikisano, namwalira wosauka mu 1978. Iyeyu ankasewera kuti ana ace adye. Tsono mwana wathu amene wagwira ndodo dzulo, nakalipira wonyamula thumba lace pamaso pa anthu cifukwa kampira kasocera, namcepetsera malipiro, asachule dzina la Papwa kapena la agogo ace. Waima kumbali ya iwo amene anali m'kati mvula ija ikugwa.

Cinthu cimodzi ticitama m'masewerawa. Pa bwalo la gofu woweruza satsata munthu ali yense. Wosewera awerenga yekha kumenya kwace, ndipo akalakwa lamulo m'chire mopanda womuona, adzinenera yekha nalandira cilango. Wonama pa ciwerengero anzace amkana. Ngati anyamata athu aphunziradi mwambo umenewo, atenge pepala lina, alembepo miyezi imene sanatumize kanthu kwao, ndi Masabata amene sanalowe m'nyumba ya Mulungu, ndi ngongole ya ndodo imene yatsala, nasainepo dzina monga asaina pa khadi la ku kalabu. Wofunadi kuphunzira angathe kugula ndodo zakale zitatu kapena zinai, napite Loweruka madzulo ku malo ophunzirira kumenya, kumene alipira za dengu la timipira lokha.

Akuru a mpingo polembera ana ao a kunja afunse dzina la mbusa amene analandira kalata yao. Ndipo inu amai, cikafika cithunzi ca pa udzu wosalala, musacite manyazi kufunsa mtengo wa ndodozo, ndi tsiku limene cinajambulidwa.